Kawerengedwe ka Mageji a Galimoto pa Ulendo Wochokera ku Chipata

Mukatembenuza kiyi m'mawa, timagetsi ta padashibodi timayaka kwa kanthawi, kenako timazima injini ikalira. Kakatsala koyaka kofiira kooneka ngati kaketulo kodontha, zimitsani injini nthawi yomweyo, chifukwa ndiye kuti oilo sakuyenda mokwanira ndipo zitsulo zikukhulana zouma.

Geji yoyenera kuiyang'anitsitsa ndi ya kutentha, yokhala ndi zilembo C (kuzizira) ndi H (kutentha), ndipo kasingano kake kayenera kukhala chapakati. Amene amayenda mumsewu wa Great East amazidziwa zitunda za pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, kumene mu Okutobala galimoto yosenza matumba a chimanga imatentha msanga. Kasingano kakayandikira H, imani pambali n'kudikira kuti injini izizire, koma musatsegule chivindikiro cha rediyeta ikadali yotentha, poti madzi owira angakuwauleni kumaso.

Geji ya mafuta njosavuta: F ndi thanki yodzaza, E ndiye kuti atsala pang'ono kutha. Ine ndimathira ku Petauke ngakhale kasingano kali pakati. Chizindikiro cha batire chikayaka mukuyenda, kawirikawiri vuto limakhala alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire, kapena lamba wake.