Manyowa ndi ntchito ya manja

Mawu akuti manyowa, amene alimi ndi alangizi timawatchula tsiku ndi tsiku, tinawatenga ku liwu la Chingerezi lakuti manure. Angerezi nawonso anabwereka liwuli ku Chifalansa chimene chinakhazikika m'dziko lawo William wa ku Normandy atalanda England mu 1066, ndipo gwero lake ndi mawu awiri a Chilatini, manu operari, kutanthauza kugwira ntchito ndi dzanja. Cha m'ma 1400 liwuli linkanena za kulima ndi kusamalira munda, ndipo tanthauzo la ndowe zothira m'nthaka linadza pambuyo, m'zaka za m'ma 1500. Liwu lakuti manoeuvre, lonena za kayendedwe ka asilikali kapena kukhotetsa galimoto mwaluso, linachokera ku muzu womwewo.

Tanthauzo loyamba lija ndilo mlimi ayenera kuligwiritsa, chifukwa ndowe zongotapa m'khola sizinafike pokhala manyowa. Zikasiyidwa padzuwa, nayitrojeni wambiri, amene ndi chakudya chokulitsa mbewu, amauluka. Zitosi za nkhuku zosawola zimawotcha mizu ya mbewu zanthete, ndipo njere za udzu zimene zinadutsa m'mimba mwa ng'ombe zimamera m'munda n'kuwonjezera ntchito yopalira.

Choncho mukangokolola, musatenthe mapesi. Aduleni tizidutswa, musankhe malo a mthunzi, ndipo muyale mapesiwo pansi mokhuthala masentimita 20 kapena 30. Pamwamba pake ikani masamba aawisi kapena zotsalira za mtedza ndi soya, kenaka ndowe, kenaka dothi lachonde pang'ono, ndipo mubwereze motero mpaka mulu ufike m'chiuno, uku mukuwaza madzi pa gawo lililonse. Phulusa likhale lochepa, popeza likachuluka limathamangitsa nayitrojeni yemweyo amene mukufuna kusunga. Madzi akhale oti mukafinya zinyalalazo m'manja zinyowetse chikhatho koma osadontha.

Ambiri amalephera pa kutembenuza mulu, ndipo kunena zoona ndi ntchito yotopetsa, koma tizilombo towoletsa timafuna mpweya. Zikani ndodo pakati pa mulu. Ikatuluka yofunda ndi yonyowa, ndiye kuti kuwola kukuyenda bwino, koma ikatuluka yozizira ndi youma, wonjezani madzi. Tembenuzani pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse, zakunja zilowe m'kati. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu manyowa amakhala akuda, ofumbutuka ndi onunkhira ngati dothi la m'nkhalango, ndipo muwafunditse udzu kufikira nthawi yothira m'mapando.