Mmene mungafukulire nkhani zakale za Mangochi mu nyuzi za makedzana

Choyamba iwalani kaye dzina loti Mangochi, mukalisaka mu nyuzi za nthawi ya atsamunda mubwerako chimanjamanja. Kuno ankati Fort Johnston, nyanjayi ankati Lake Nyasa, ndipo mfumu Jalasi azungu ankailemba kuti Zarafi, Makanjira penapake mupeza Makanjila. Lembani masipelo onsewa pa pepala musanayambe.

Kenako pezani deti, osangoti "kalekale". Poyambira pabwino ndi pa wotchi ya Queen Victoria ija pafupi ndi buliji la Bakili Muluzi, tonse timangodutsapo pa kabaza osaima koma pali chikwangwani chokumbukira anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Inamira pa 30 July, ndiye inu funsani Nyasaland Times ya August chaka chimenecho ndipo musalekere tsiku limodzi, nkhani zotere zinkatuluka pang'onopang'ono, tsatirani milungu ingapo.

Pomwepo pali mfuti ya sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Iyi ndiye nkhani imandiseketsa, mu August 1914 kaputeni Rhoades anapita nayo ku Sphinxhaven, pano ndi Liuli ku Tanzania, nkukaombera sitima ya Majeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa, pomwe kaputeni wa Chijeremaniyo, yemwe anali mnzake, sankadziwa nkomwe kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse yayamba. Nkhaniyi inafika mpaka mu nyuzi za ku London.

Nyuzi zenizenizo zili ku National Archives ku Zomba, kwina ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Tengani ID, kope ndi pensulo, funsani kaye ngati amalola kujambula ndi foni, ndipo mapepalawo muziwatembenuza mofatsa chifukwa amafumbutuka ngati fodya wouma. Chilichonse mwakopera lembani dzina la nyuzi, deti ndi peji, mukapanda kutero mudzalira mawa.

Koma aise musameze zonse. Nyuzi zimenezi ankalemba ndi azungu, kulembera azungu anzawo, mzungu amatchulidwa ndi dzina pomwe ife nthawi zambiri timangokhala nambala. Mukabwerako pitani ndi fotokope yanu kwa agogo a kwa Mponda kapena ku Malindi, muwawerengere mowamasulira, kenako mukhale chete muwasiye alankhule, foni ikujambula mawu.