Mchenga woyenera mu thanki ya makorale

Anzanga a kuno ku Harare amene mukuweta nsomba ndi makorale (zamoyo zooneka ngati miyala kapena zomera) a m'nyanja yamchere, musathire mchenga wa kumtsinje kapena womangira nyumba mu thanki yanu. Wotola pagombe ku Beira nawonso usiyeni, umabwera ndi zonyansa zosaoneka ndi maso. Funani wa aragonite, mchenga wa laimu wochokera m'nyanja. Ngati mukukayika wogulitsa, donthezerani viniga pa kamchenga pang'ono: aragonite weniweni amachita thovu, mchenga wamba umangoti zii.

Nkhani yaikulu ndi kukula kwa timiyala take. Wosalala ngati ufa woyera pampu yamphamvu imauwulutsa n'kukwirira makorale. Wokhakhala kwambiri umabisa zotsalira za chakudya, ndiye nitrate, zoipa zochokera ku zinthu zowola m'madzi, amakwera. Ine ndimakonda wa mamilimita 1 mpaka 2, wothiridwa masentimita 2 mpaka 5 kuchokera pansi. Koma ngati mudzaweta nsomba monga ma wrasse ogona mumchenga kapena ma goby osefa mchenga ndi kukamwa, sankhani wosalalako, apo ayi amavulala.

Mchenga wobwera wouma muutsuke mpaka madzi ayere, pomaliza ndi madzi a RO (osefedwa ndi makina a reverse osmosis), osati apamjigo kapena apampopi. Wobwera wonyowa m'thumba, uja amati live sand, musautsuke, mungaphe mabakiteriya ofunika.