Gasi sanathe, makina anu akutsamwa ndi fumbi

Kuyambira kumayambiriro kwa Okutobala ndakhala ndikumva mawu amodzimodzi paliponse pamene ndaimika njinga yanga, ku Dyeratu, ku Nchalo, pa Miseu Folo mpaka ku Bangula: "Air con yasiya kuzizira, gasi watha." Akutero mwini golosale, akutero mayi wa nyumba yogona alendo, akutero mlembi wa kopaletivi, ndipo onse amalankhula motsimikiza ngati anasuzumira m'mapaipi n'kuona kuti mulibe kanthu. Kenako amaimbira mmisiri. Mmisiri amafika ndi silinda yake pa kabaza, amathira, amalandira zake, n'kumapita. Pakatha milungu itatu nyimbo ija yayambiranso.

Ine ntchito yanga ndi ya ulimi, si ya magetsi. Koma makinawa alowa m'ntchito yathu tsopano. Ali m'masitolo ogulitsa mbewu ndi mankhwala a ziweto, ali m'maofesi a magulu a alimi a nzimbe ndi thonje, ali m'nyumba za alimi amene khola lawayendera bwino. Ndalama imene ikuthera pa gasiyi ndi ya mbuzi, ya thonje, ya chitowe, ndiye sindingangoyang'ana.

Gasi wa mu air con si makala ndipo si petulo. Sapsa. Amangozungulira m'njira yotsekeka: kuchoka ku kompuresa, injini yopopa gasiyo m'bokosi lakunja, kudutsa m'mapaipi a kopa, kulowa m'bokosi la m'nyumba kumene amanyamula kutentha kwa m'chipinda, n'kubwerera kukakutaya panja. Gasi yemweyo lero, yemweyo chaka chamawa. Firiji yanu imagwira ntchito chimodzimodzi, nanga munayamba mwaithirapo gasi Okutobala aliyense? Gasi akachepadi ndiye kuti penapake pabooka, ndipo kuthira wina musanatseke pobookapo n'kutungira madzi m'dengu. Koma makina ambiri amene ndawatsegula ndekha chaka chino analibe pobooka. Anali ndi fumbi.

Tukulani chivindikiro cha kutsogolo kwa bokosi la m'nyumba lija. Mupeza masefa awiri a pulasitiki, onga neti ya udzudzu, amene amisiri amati filter. Mpweya wonse wa m'chipinda umadutsa pamenepo usanakazizire. Ndiye ganizirani mpweya wathu wa kuno ku Chigwa cha Shire nthawi ya chilimwe: kavuluvulu wa masana, fumbi la ng'ombe zikamabwerera kukhola, phulusa lakuda limene limagwa minda ya nzimbe ikawotchedwa, tiulusi ta thonje nthawi ya misika, utsi wa nkhuni. Zonsezi zimakamatirira pa sefa. Mabuku ambiri amene amabwera ndi makinawa amati masefa azitsukidwa milungu iwiri iliyonse, ndipo olembawo sanali kuganiza za fumbi la ku Ngabu. Ine ndachotsapo masefa amene sanagwidwepo chigulireni, zaka zitatu, fumbi lake lochita kusendeka ngati bulangete.

Sefa ikatsekeka, fani imakoka mpweya wochepa. Timapaipi tozizira ta kuseri kwa sefa timasowa mpweya wotentha woti tiuziziritse, ndiye timangozizirabe mpaka kutsika pansi pa madigiri 0. Chinyezi chimene chimayenera kutuluka ngati madzi pa paipi yakunja chimaundana pomwepo. Madzi oundanawo amatseka mipata imene inatsala, mpweya n'kucheperachepera. Inu mwakhala pansi pake thukuta lili kamukamu, pamene m'kati mwa bokosi muli ayisi. Mukazimitsa, ayisiyo amasungunuka, madzi n'kumatsika pakhoma, penti n'kufufuma, matumba a mbewu amene munawatsamiritsa pakhomapo n'kunyowa. Ndinaziona m'sitolo ina: mwini anagula air con kuti mbewu ndi mankhwala zisawonongeke ndi kutentha, koma n'kuziwononga ndi madzi a makina omwewo.

Kutayika kwa magetsi ndiye anthu sakuona, chifukwa kumachoka pang'onopang'ono pa mita. Makina a 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yoziziritsa), amene ndi ofala m'zipinda zogona ndi m'maofesi ang'onoang'ono, amadya pafupifupi yuniti imodzi pa ola kompuresa ikamayenda. Makina oyera, m'chipinda chotseka bwino, amafika pa kuzizira kumene mwawauza, kompuresa n'kupuma kapena kuchepetsa liwiro. Makina otsamwa safikapo. Kompuresa imalira usiku wonse, maola 8, mayunitsi 8 kapena kuposa, inu mukugudubuzika pamphasa kufunafuna pozizira. Pa mwezi ndi mayunitsi oposa 200 ogulira kutentha komwe munali nako kwaulere. Ndiye mwini wake amatenga rimoti n'kutsitsa mpaka 16, poganiza kuti akuwonjezera mphamvu. Nambala imeneyo si giya. Imangouza makina pamene ayenera kulekera, ndipo ku Nsanje mu Novembala, kunja kukupitirira madigiri 40, pa 16 sadzafikapo mpaka tambala kulira.

Choopsa kwambiri chimabwera ndi silinda ija. Makina aliwonse ali ndi mlingo wake wa gasi, wolembedwa m'magalamu pa kapepala ka pambali pa bokosi lakunja. Mukathira wina pamwamba pa gasi amene anali wokwanira kale, kompuresa imakankha movutikira, imatentha, imazima yokha, imayakanso, mpaka tsiku lina osayakanso. Ndipo kompuresa ndiye mtima wa makinawo. Ikapsa, mtengo wa ina, kuphatikiza ulendo wa mmisiri wotsika nayo kuchokera ku Blantyre kudzera pa Thabwa, umakufikitsani poganiza zongogula makina atsopano. Pa kapepala komweko palembedwanso mtundu wa gasi: R22 pa makina akale, R410A kapena R32 pa atsopano. Mitundu imeneyi sisakanizidwa. R22 ikuthetsedwa pang'onopang'ono padziko lonse potsatira pangano la ku Montreal la 1987, limene Malawi ali nawo, choncho ikunka isowa. Pali amisiri abwino kuno, ndimawadziwa, amene amayamba atsegula chivindikiro asanamasule silinda. Koma pali enanso amene amathira gasi amene ali nayeyo basi. Komanso tinene zoona, munthu mwamuitana nokha n'kumuuza kuti "bwerani ndi gasi", iye walipira kabaza, mukuyembekeza kuti akuuzani kuti ingotsukani sefa ndi madzi?

Chimene chimanditopetsa n'chakuti ndife anthu osamala zinthu. Mnyamata wa kabaza amatsuka njinga yake tsiku lililonse. Mlimi wothirira amadziwa kuti injini ya pampu ikayamba kutsokomola, choyamba n'kuyang'ana sefa ya mpweya. Amayi amasesa pabwalo dzuwa lisanatuluke. Koma zikafika pa air con, timati n'chinthu chodula, chisagwidwe, ana asayandikire, ngakhale mwini wake asachitsegule. Ena amafika pochiyalira kansalu koluka pamwamba kuti chisade, pomwe pamwamba pakepo ndi pamene chimakokera mpweya. Kunja nako n'chimodzimodzi. Poopa akuba, bokosi lakunja timalimangira kanyumba ka njerwa kopanda mazenera. Poopa dzuwa, timalifunditsa chiguduli. Ndapezapo lina nkhuku ikufungatira mazira kuseri kwake, lina atalitsamiritsa matumba a mapira mbali zonse. Bokosi limenelo ntchito yake n'kutaya kutentha. Mukalitsekera limapuma mpweya wake womwe wotentha, ngati munthu amene wafunda bulangete kumutu masana a Okutobala.

Mwezi wathawu ndinapita kwa mlimi wina wa ng'ombe chakumadzulo kwa Ngabu, pa nkhani ya nkhupakupa. Titamaliza za kukhola anandikokera pambali.

"Alangizi, inu mumayenda, mwina mukudziwa mmisiri wokhulupirika. Chinthu ndinawagulira mayi anga chija chikundimaliza."

Anagulitsa ng'ombe yamphongo zaka ziwiri zapitazo n'kuika air con m'chipinda cha mayi ake, gogo wokalamba amene sankagona ndi kutentha, mtima ukuthamanga. Chaka choyamba gogo ankagona mpaka kufunda. Chaka chino, iye akuti, chinthucho chikumwa gasi kuposa mmene njinga yake imamwera petulo. Anali atathira katatu, ndipo ulendo uliwonse mbuzi imodzi inkatuluka m'khola.

"Bambo, masefa munatsuka liti?"

"Masefa ake ati?"

Tinalowa. Gogo anali pamkeka pakhonde, akudzikupiza ndi chivindikiro cha poto. Ndinawalonjera, ndinapempha mpando, ndinakwera, ndinatukula chivindikiro. Mlimi uja atawona zimene ndinasolola anangogwira pakamwa. Mdzukulu anatunga madzi pa mjigo, tinatsuka m'beseni, madzi anachita bii ngati a m'dambo, tinataya, tinatsukanso. Poyembekeza kuti ziume, gogo anandiuza za kale, mmene ankagonera panja pa mphasa nyengo ngati ino, utsi wa ndowe ukuthamangitsa udzudzu, ndipo anati iwo chinthu cha mwana wawocho sanachipemphe, koma poti chinabwera anachizolowera. Anandifunsanso ngati mankhwala a nkhupakupa amene ndinabweretsa ndi omwe aja ankathira ku dibi kale. Tinacheza mpaka masefa anauma. Titabwezera n'kuyatsa, mphepo inatuluka yoti n'kugwedeza katani. Koma sindinachoke wokondwa kwenikweni, chifukwa bokosi lakunja linkalira mwachilendo, ndipo linazima lokha kawiri ndili pomwepo. Gasi wothira katatu uja ali m'katimo, wopitirira mlingo. Ndinamuuza kuti apeze mmisiri wokhala ndi zoyezera kuti achotse wowonjezerayo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti ndilipirenso kuti achotse gasi amene ndinalipira kuti athire?"

Ndinati inde, bambo. Anayang'ana kukhola la mbuzi osanena kanthu.

Pali kena kamene ndisaiwale, chifukwa nakonso kamaitanitsa silinda. Makina ambiri amene akugulitsidwa pano ndi a mbali ziwiri, oziziritsa ndi otenthetsa. Pa rimoti pali kachizindikiro konga nyenyezi ya nthambi zisanu n'imodzi, kameneko ndi kozizira. Kadontho ka madzi n'kochotsa chinyezi. Kadzuwa n'kotenthetsa. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika, ena amayatsa kadzuwa m'mamawa chifukwa cha ana ndi okalamba, ndipo n'zabwino, makinawo amangotembenuza njira ya gasi n'kumatenga kutentha kwa panja kulowetsa m'nyumba. Koma chilimwe chikafika amaiwala kubwezera. Mayi wina anandiuza kuti anasankha dala kadzuwa poti kunja kunali dzuwa. Sindinaseke, chifukwa pa rimotipo palibe liwu limodzi la Chichewa.

Tsono chochita n'chochepa. Zimitsani pa rimoti ndi pa swichi ya pakhoma, tukulani chivindikiro, sololani masefa, tsukani ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, kasopo pang'ono ngati pali mafuta a utsi, osati madzi otentha chifukwa pulasitiki imapindika. Yanikani pamthunzi, ziume gwa, bwezerani. Chitani zimenezi sabata iliyonse kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika, miyezi inayo milungu iwiri ikwanira. Mukapeza ayisi, musamugogode ndi mpeni, siyani fani yokha iyende mpaka asungunuke. Bokosi lakunja lichotsereni ziguduli, matumba ndi nkhuku, ndipo ngati mukuopa akuba ikani khola la zitsulo lopita mphepo mbali zonse, kadenga ka mthunzi kakhale patali pamwamba. Timapepala tachitsulo ta bokosi lakunjalo mutha kutitsira madzi mofatsa magetsi atazima, osapopera mwamphamvu, timapindika. Yang'anani paipi yotulutsa madzi, mavu amakonda kumatamo dothi. Ikani pa 24 mpaka 26, tsekani zitseko ndi mawindo, tsitsani makatani a kumadzulo. Magetsi akazima, zimitsani pa swichi, ndipo akabwera dikirani mphindi zosachepera zitatu musanayatse.

Mmisiri muitaneni ngati masefa ndi oyera, bokosi lakunja likupita mphepo, rimoti ili pa kozizira, koma chipinda sichikuzizirabe, kapena mukaona mafuta akunyezimira pamene mapaipi akumanira ndi bokosi lakunja. Akafika, mufunseni kuti pobooka ndi pati, akuonetseni ndi thovu la sopo, atseke, ndipo awerenge kapepala ka pambali kaja inu muli pomwepo asanamasule silinda.