Momwe mungaphunzirire kutembenuza ndege yakale ya mapiko awiri mlengalenga

Ndege ngati Tiger Moth, imene inauluka koyamba mu 1931, anthu akuiulutsabe mpaka pano ndipo ena amaitembenuza chadodolido kungofuna kusangalala basi. Ndi ndege yomweyi imene ankaphunzitsira mapayiloti ankhondo ku Southern Rhodesia, Zimbabwe yalero, nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Ngati nanunso mtima ukukuyabwani, njira yake ndi iyi.

Choyamba mukhale ndi laisensi yanu ya PPL, chiphaso cha payiloti woulutsa ndege mosalipidwa, izi sizokambirana. Kenako muphunzire kutera ndi ndege ya tailwheel, chifukwa ndege zakalezi kagudumu kachitatu kamakhala kumchira, ma Tiger Moth ambiri alibe n'komwe, amangokhala ndi kachitsulo kokwekwereza pansi ndipo mabuleki mulibenso. Apa ndi pamene mapazi amaphunzira ntchito. Munthu wozolowera ndege zamakono ngati Cessna mapazi ake amagona pa zopondera za rudder, chiwongolero cha kumchira chokhotetsera mphuno kumanzere kapena kumanja, ndiye Tiger Moth imakuyalutsa tsiku loyamba lomwe, mphuno ikuloza uku iwe ukufuna uko.

Chachiwiri pezani mphunzitsi amene amaidziwa ndege imeneyoyo, osati wina aliyense. Ku Britain ndi ku South Africa ma Tiger Moth alipo, ku America kwadzaza Boeing Stearman ya injini yozungulira ija. Kuphunzira nokha poonera YouTube, iwalani.

Musanayambe chilichonse kwerani kumwamba ndithu. Lamulo la ku America limaletsa masewerawa pansi pa mafiti 1,500 koma wophunzira amayambira kumwamba kwambiri kuposa pamenepo. Ndiye pali cheke chija amati HASELL, kuona kutalika komwe muli, ndege ili bwanji, malamba amangika, injini, malo omwe muli pamwamba pake, ndi kuyang'ana ngati kulibe ndege ina. M'matumba musasiye foni kapena makobidi, zikagwa zimatha kukatsakamira pa ndodo yowongolera. Pa Tiger Moth musaiwalenso kukiya ma slat, timapiko ting'onoting'ono ta kutsogolo kwa mapiko apamwamba timene timatseguka tokha liwiro likachepa.

Phunziro loyamba si loop ayi, kuja ndege imakwera nkugudubuka chagada mpaka kubwerera pomwe inayambira. Ndi stall, pamene mapiko asiya kunyamula ndege, ndi spin, pamene ikugwa mozungulira. Ndege ikazungulira ngati nguli muziitulutsa osaganiza kawiri: chotsani mphamvu ya injini, pondani rudder mbali yotsutsana ndi komwe ikuzungulirako, kankhirani ndodo kutsogolo, ikasiya kuzungulira bwezani rudder pakati nkuikoka pang'onopang'ono. Bwerezani mpaka zitope nanu.

Mukatero loop ikhoza kubwera. Mumagwetsa mphuno kuti mupeze liwiro lomwe buku la ndegeyo likunena, poti injini ya Gipsy Major ili ndi mphamvu ya mahosi 130 okha, nkukoka ndodo, thupi limalemera ngati katatu, masaya kugwa, ndiye muli pamwamba mutu chagada kufunafuna dziko. Musachedwe chadodolido, thanki ili pa mapiko apamwamba ndipo mafuta amatsika okha, mukatembenuka nthawi yaitali injini imatsokomola nkuzima kaye. Zitatha izi mumapita ku stall turn (kukwera chilili nkukhotera pansi liwiro likatha) ndi barrel roll (kugudubuka ngati mukuzungulira mbiya). Slow roll, kugudubuza ndege pang'onopang'ono ikupitabe molunjika, pa Tiger Moth ndi chintchito, chifukwa ma aileron, zigawo za mapiko zopendeketsera ndege, ali pa mapiko apansi okha.

Za mseru musachite nazo manyazi, zimagwira ambiri. Idyani pang'ono musanakwere, osati m'mimba mopanda kanthu, ndipo mukangomva thukuta lozizira muuzeni mphunzitsi muwongoke. Valaninso jekete yokhuthala, ndegeyi ilibe denga ndipo kumwambako kumazizira ngakhale pansi kukutentha.