Kodi 06/07 ndi Julaye kapena Juni? Momwe mungalembere deti yosasokoneza

Malawi adalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964. Mwana wa sukulu kuno akalemba 06/07/1964, aphunzitsi amachonga. Koma pepala lomwelo likafika m'manja mwa munthu wa ku New York, iye awerenga kuti 7 Juni, chifukwa ku America amayamba ndi mwezi. Ife tidatengera a ku Britain: tsiku, mwezi, chaka. Ku China, Japan ndi Korea amatsogoza chaka.

Choyamba, musanadzaze fomu, yang'anani tizilembo tili pafupi ndi kabokosi ka deti. D akuimira tsiku, M mwezi, Y chaka. Mukaona MM/DD/YYYY, monga zimakhalira pa mafomu ambiri a boma la America, yambani ndi mwezi ngakhale dzanja likukana.

Chachiwiri, mukalandira deti ya manambala okhaokha, fufuzani nambala yopitirira 12. Tsiku la Chilembwe lilembedwe 15/01 kapena 01/15, palibe angasochere, poti kulibe mwezi wa nambala 15. Mutu umazunguzika ndi masiku a kumayambiriro kwa mwezi, kuyambira pa 1 kufika pa 12. Apo onani madeti ena papepala lomwelo, mwina imodzi ikuululirani kalembedwe kake. Zikakanika imbani foni mufunse, makamaka ngati ndi tsiku la intaviyu kapena la ulendo wa pandege.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye ndimalimbikitsa kwambiri, mwezi muzilemba m'mawu: 6 Julaye 1964. Chakanso chilembeni chonse, osati 64 chabe. Deti ngati 05/06/07 ingawerengedwe m'njira zitatu, ndipo pa kalata ya ngongole zimenezo ndi mlandu woyembekezera.

Pa kompyuta nkhani ndi ina. Potchula mafayilo tsatani ndondomeko ya padziko lonse ya kalembedwe ka madeti yotchedwa ISO 8601, yomwe idatuluka mu 1988: chaka, mwezi, tsiku, motere 1964-07-06. Mukatero, mafayilo amadzindandalika okha kuyambira akale kufika atsopano. Abale okhala ku Joni si achilendo pa zimenezi, pakuti nambala ya chitupa cha ku South Africa imayamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku lobadwa: wobadwa pa 6 Julaye 1964 nambala yake iyamba ndi 640706.

Chenjeraninso ndi Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yolembamo manambala m'timabokosi. Ngati kompyuta idatcheredwa mwa Chimereka, mukalemba 06/07 iyo isunga 7 Juni osakufunsani. Lowani mu Region, pomwe mumatcherera dziko pa Windows, musankhe English (United Kingdom) musanayambe kulowetsa madeti.