Musanalembe anthu ntchito, yambani mwawerengera maola

Akapitawo ndi nonse amene mumakonza mashifiti, nkhani iyi ndi yanu. Kawirikawiri munthu amangoti pageti pakufunika mlonda usana ndi usiku, ndiye tilembe atatu, aliyense maola 8, basi zatheka. Pa tsiku limodzi zikuoneka bwinobwino, koma sabata ili ndi maola 168, ndipo ngati munthu mmodzi amagwira maola 40 pa sabata, 168 kugawa ndi 40 ikutipatsa 4.2. Atatu aja ndiye kuti aliyense azigwira maola 56 opanda tsiku lopuma, mwezi usanathe wina wayamba kuodzera pa ntchito, wina wadwala, inu mwayamba kulipira ovataimu yomwe mu bajeti munalibe. Ngakhale kontrakiti yanu itati maola 48, yankho ndi 3.5, atatu sakukwanabe.

Pomwe ambiri amapunthwa kwenikweni ndi pa maperesenti. Tinene kuti tsiku lililonse mukufuna anthu 80 akhale ali pa ntchito, ndipo mu rejisita mwaona kuti pa anthu 100 alionse, 20 sapezeka, ena ali pa tchuthi, ena kuchipatala, ena kumaphunziro. Ambiri amatenga 20 peresenti ya 80, yomwe ndi 16, nkuphatikiza, nkulemba anthu 96. Apa mwalakwitsa ndithu, chifukwa osabwera aja akuchokera pa 96 yonseyo, osati pa 80. Chotsani 20 peresenti pa 96 muone, mutsala ndi anthu pafupifupi 77, tsiku ndi tsiku atatu akuperewera ndipo ntchito yawo ikugwera anzawo omwe abwera. Njira yake ndi kugawa: obwera ndi 80 peresenti, kapena kuti 0.8, ndiye anthu 80 mukufuna aja kugawa ndi 0.8, yankho 100. Mlonda uja naye chimodzimodzi, ngati osabwera ndi 10 peresenti, 4.2 kugawa ndi 0.9 ndi pafupifupi 4.7, ndipo poti munthu sadulidwa pakati mulemba 5.

Peresenti ya osabwerayo musaitenge m'mutu chonde, kapena pa mwezi umodzi womwe zinthu zinayenda bwino. Tsegulani rejisita ya chaka chonse, werengani masiku amene anthu sanabwere, mugawe ndi masiku onse amene amayenera kubwera. Zimatopetsa inde, koma ndi ntchito ya masana amodzi ndi kalikuleta ya pa foni.

Ntchito yoyezedwa ndi tepi ili ndi kawerengedwe kake. Chipinda cha mamita 12 mulitali ndi 8 mulifupi ndi masikweya mita 96. Ngati mwaona ndi maso anu kuti mmisiri wanu amayala matailosi masikweya mita 12 pa tsiku, mmodzi atenga masiku 8, awiri masiku 4. Koma musanamizidwe ndi pepala nkuti ndiika amisiri 8 amalize lero, azingopondana ndi kudikirirana makina odulira, wina kuponda pomwe mnzake wangoyala kumene. Ndipo nambala 12 ija muipeze poyeza ntchito ya masiku angapo, kuphatikiza tsiku lodula m'makona ndi m'mbali mwa zitseko pomwe dzanja limachedwa, osati tsiku loyamba lokha pomwe munthu akuyala pakati pa chipinda popanda chomutchinga.